Khasu lobwereka la The Byrds silinathyoke

Mnzanga wina amene amaimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu anandipsetsa mtima tsiku lina tili pakhonde. Ndinamupatsa foni kuti amvere "Mr. Tambourine Man" ya The Byrds, ndipo nyimbo isanafike n'komwe pakati anandibwezera. "Achimwene, awa si oimba, ndi okopera. Nyimboyi mwini wake ndi Bob Dylan. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka." Si woyamba kunena zimenezi. Kwa zaka 60 tsopano gulu la ku America limeneli lakhala likunyozedwa kuti linatchuka ndi thukuta la ena: nyimbo za Dylan, gitala ya The Beatles, mawu a m'Baibulo. Ine ndikukana. Zoti anabwereka n'zoona, koma anabwereka mmene mlimi weniweni amabwerekera, amene amabweza khasu lili lonola kuposa mmene analitengera. Pali malo amodzi okha pamene ndimawaimba mlandu, ndipo malowo ali kuno kummwera kwa Africa. Ndifikapo.

Mu 1964 ku Los Angeles kunali mpanda wautali pakati pa oimba. Mbali ina kunali oimba nyimbo za makolo, zimene kumeneko amazitcha folk: munthu mmodzi, gitala yopanda magetsi, mawu olemera onena za anthu ovutika, migodi, nkhondo ndi ndende. Mbali inayo kunali achinyamata a rock and roll, ng'oma ndi magitala amagetsi, mawu ake achikondi cha kusukulu. A folk ankaona anzawowo ngati ana osewera paphulusa. Jim McGuinn, amene pambuyo pake anasintha dzina kukhala Roger, anakulira mbali ya folk, ndipo anali ataimbirapo gitala ndi banjo magulu monga Chad Mitchell Trio komanso woimba Bobby Darin. Atamva The Beatles anazindikira kuti makiyi amene anyamata a ku Liverpool aja ankagwiritsa ntchito sanali achilendo kwa woimba folk. Anayamba kuimba nyimbo zawo pamalo azisangalalo otchedwa Troubadour, anthu n'kumamuyang'ana ngati wapenga. Mmodzi yekha, Gene Clark, mnyamata wobadwira ku Missouri, ndiye anamutsatira n'kumupempha kuti aziimba limodzi. David Crosby anawapeza akuimba n'kuponyapo liwu lachitatu pamwamba. Kenaka kunabwera Chris Hillman, katswiri wa mandolin amene anamupatsa bezi asanaigwirepo, ndi Michael Clarke, amene anamutenga chifukwa cha maonekedwe ndi tsitsi lake, moti masiku oyamba ankaphunzira ng'oma pamakatoni.

Amene anawabweretsera nyimbo ya Dylan ndi mkulu wowayang'anira, Jim Dickson, ndipo iwo poyamba sanaifune. Ya Dylan ili ndi ndime zinayi zazitali, imadutsa mphindi zisanu, ndipo palibe wailesi ya nyimbo za achinyamata imene ikanaiulutsa masiku amenewo. Iwo anataya ndime zitatu n'kusunga imodzi, anasintha kagundidwe kake kuti ng'oma ilowemo, n'kuitsitsa kufika pa mphindi ziwiri ndi theka. Mnzanga uja amati kumeneko n'kuipundula nyimbo. Ndimamupempha kuti amvere masekondi khumi oyamba okha, atavala zomvera m'makutu. Gitala ya McGuinn, Rickenbacker ya nsambo 12, imayamba yokha. Nsambozo zimakhala ziwiriziwiri, yonenepa pambali pa yopyapyala, ndiye ukakhudza kamodzi pamalira mawu awiri, lina pansi lina pamwamba, ngati mabelu a tchalitchi awiri ogundidwa ndi dzanja limodzi. McGuinn ankaikodola ndi zala monga amachitira pa banjo, ndipo musitudiyo anaifinya ndi makina kuti liwu lililonse lichedwe kuzima. Kenaka bezi imatsetsereka kuchoka pansi kukwera, ng'oma n'kugwa, mawu atatu n'kulowa pamodzi ngati munthu mmodzi. Kulira kumeneko kunalibe kwa Dylan. Kunalibenso kwa The Beatles, ngakhale McGuinn anagula gitalayo ataona George Harrison ali nayo m'kanema wa A Hard Day's Night. Nyimboyi anaijambula pa 20 January 1965, inatuluka mu April, ndipo inafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain komwe. Mawu akuti folk rock anafala m'manyuzipepala chifukwa cha iwo.

Pali mfundo imodzi imene onyoza amaikonda, ndipo sindiibisa. Pa tsiku lojambula lija, mwa anyamata asanuwo ndi McGuinn yekha amene analoledwa kugwira chida. Wojambula nyimbo wa kampani ya Columbia, Terry Melcher, sanawakhulupirire, ndipo anaitana akatswiri olembedwa ganyu monga Hal Blaine pang'oma ndi Larry Knechtel pabezi. McGuinn, Clark ndi Crosby ndi amene anaimba ndi pakamwa. Zimenezi zinachitikadi. Koma zinachitika pa nyimbo ziwiri zokha, iyi ndi inzake ya kuseri kwa mbale. Chimbale chonse chotsatira anaimba okha, atakhwimira usiku ndi usiku pamalo otchedwa Ciro's mumsewu wa Sunset Strip, kumene Dylan mwini wake anakwera nawo pansanja. Mwini munda sanadandaule za khasu lake. Tidandaule ndife?

Nyimbo imene imandigwira mtima kwambiri pa nkhani yobwerekayi ndi "Turn! Turn! Turn!". Aliyense amene anakhalapo pamaliro kwathu kuno mawu ake amawadziwa ngakhale sanamvepo za The Byrds. Ndi Mlaliki chaputala 3, paja abusa amawerenga bokosi lili patsogolo, kuti chilichonse chili ndi nthawi yake: nthawi yobadwa ndi yomwalira, yobzala ndi yozula, yolira ndi yoseka, ya nkhondo ndi ya mtendere. Woimba folk wa ku America, Pete Seeger, ndiye anaika mawuwo m'nyimbo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kuwonjezapo mawu ake ochepa chabe, otsiriza ake olumbira kuti nthawi ya mtendere sinathe. McGuinn anali ataikonzerapo kale woimba Judy Collins mu 1963, mofatsa, ya munthu womvera ali phee. The Byrds ataitenga anaiyika pang'oma yoyenda ngati anthu a pa ulendo, ndipo mu December 1965 inakhala pa nambala 1, pomwe boma la America linali kuchulukitsa asilikali ku Vietnam. Taganizirani: mawu a zaka zikwi, odutsa m'manja mwa mlembi wachihebri, omasulira Baibulo la King James, Seeger, Collins, kenaka anyamata atsitsi lalitali a ku California, n'kukathera m'wailesi ya m'galimoto ya mnyamata amene akudikira kalata yomuitanira kunkhondo. Pa mzere wonsewo wakuba ndi uti? Mnzanga yemwe uja Lamulungu lililonse amaimba nyimbo zimene maimbidwe ake anachokera ku Scotland ndi ku England, ndipo akazimenya pagitala mwa kwathu palibe amene amamutcha wokopera.

Umboni woti khasu linabwezedwa lili lonola ulipo. Pa chimbale chawo choyamba pali "The Bells of Rhymney". Mawu ake ndi ndakatulo ya Idris Davies, munthu wa ku Wales amene anagwirapo ntchito mumgodi wa malasha, ndipo analemba za umphawi wa m'midzi ya migodi, mabelu a tawuni iliyonse akufunsa kuti wogwira mumgodi apatsidwa chiyani. Seeger anaipatsa maimbidwe, McGuinn n'kuipatsa kachidutswa ka gitala kozungulirazungulira. George Harrison atamva kachidutswako anamangirapo nyimbo yake "If I Needed Someone", imene inatuluka pa chimbale cha The Beatles cha Rubber Soul kumapeto kwa 1965, ndipo anatumiza uthenga kwa McGuinn wovomereza kumene anakatenga. Gitala inachoka kwa Harrison kupita kwa McGuinn, kalizidwe kake n'kuchoka kwa McGuinn kubwerera kwa Harrison, chaka chimodzi chokha chitangodutsa. Oimba enieni amachita chomwechi, ndipo amanena poyera.

Chimene onyoza amaiwala n'chakuti gululi linali ndi mlembi wakewake wa nyimbo, ndipo mwa ine ndiye anali wamkulu pa onse. Gene Clark analemba "I'll Feel a Whole Lot Better", nyimbo ya munthu amene akusiya wokondedwa womulakwira, akudzilimbitsa mtima koma sakudzikhulupirira, imene Tom Petty anadzaiimbanso mu 1989 osasintha pafupifupi chilichonse. Poti ndiye ankalemba zambiri, ndalama za ulembi zinkapita kwa iye kuposa anzake, ndipo kaduka kanalowa. Analinso ndi mantha aakulu a ndege. Kumayambiriro kwa 1966 anatsika m'ndege isananyamuke ku Los Angeles, ndipo kutsika kumeneko kunali kutuluka m'gulu. Asanachoke anasiya mphatso. "Eight Miles High", imene analemba pamodzi ndi McGuinn ndi Crosby, imanena za ulendo wawo woyamba wa ku London mu 1965: mvula, misewu yachilendo, anthu osamwetulira. Ali pa ulendo wina wa pabasi ankamvera kaseti imodzi mobwerezabwereza, mbali ina John Coltrane, mbali ina Ravi Shankar wa ku India. McGuinn anafuna kuti gitala yake ilire ngati saxophone ya Coltrane, yothamanga, yopunthwa, yosatsata njira. Mvetserani pakati pa nyimboyo: zala zikumveka ngati zikufuna kuthyoka. Mawailesi ena anailetsa poganiza kuti ikutamanda mankhwala osokoneza bongo, ndipo inalekera pa nambala 14. Apanso anabwereka, kwa woimba jazz wakuda ndi kwa woimba sitar, koma chimene chinatuluka sichinali jazz ndipo sichinali cha ku India. Chinali chinthu chimene dziko linali lisanamvepo.

Za Clark zimandipweteka. Chimbale chake cha 1974, No Other, chinagwa pamsika, kampani n'kuchitaya, ndipo anthu anadzachizindikira iye atapita kale. Mowa unamudya. Anamwalira mu May 1991 ali ndi zaka 46, patangopita miyezi yochepa kuchokera pamene asanu oyambawo anaimirira pamodzi kulandira ulemu wa Rock and Roll Hall of Fame. Ngati pali chosalungama m'mbiri ya The Byrds pa nkhani ya ulembi, sichinachitikire Dylan, amene dzina lake linakula nawo. Chinachitikira wa m'nyumba momwemo.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Crosby anachotsedwa mu October 1967 chifukwa cha mikangano yosatha, Michael Clarke naye n'kuchoka, ndipo pachikuto cha chimbale chawo cha The Notorious Byrd Brothers pali mazenera anayi a khola: atatu muli anthu, lachinayi muli hatchi. Chodabwitsa n'chakuti chimbale chojambulidwa pakati pa ndewu imeneyo ndi chimodzi mwa zofewa ndi zokoma kwambiri zimene anapanga.

Tsopano ndifike kumene ndinalonjeza. Mu January 1967 anatulutsa "So You Want to Be a Rock 'n' Roll Star", nyimbo yodzudzula makampani opanga akatswiri a bodza. Lipenga limene limalira mmenemo, lakuthwa ngati mpeni, ndi la Hugh Masekela. Masekela anachoka ku South Africa mu 1960, chaka cha kuphedwa kwa anthu ku Sharpeville, ndipo anali mlendo ku America wosatha kubwerera kwawo. Sanangowaimbira lipenga basi. Hillman wakhala akunena kuti kugwira ntchito musitudiyo ndi Masekela ndi oimba anzake a ku Africa ndi kumene kunamutsegula mutu, moti atabwerera kunyumba anayamba kulemba nyimbo zake, munthu amene kale ankangoima kumbuyo ndi bezi. Mu June chaka chomwecho, pa chikondwerero cha Monterey, Masekela anakwera nawo pansanja. Anadya naye, anaseka naye, ndipo sizingatheke kuti sanadziwe chimene chinamuthamangitsa kwawo.

Chaka chimodzi chitadutsa, mu July 1968, The Byrds anakwera ndege kukaimba ku South Africa ya ulamuliro wa tsankho. Okonza ulendowo anawalonjeza kuti azungu ndi anthu akuda adzakhala pamodzi m'maholo. Linali bodza, ndipo munthu aliyense wofunsa bwino akanadziwa kuti ndi bodza, chifukwa malamulo a dzikolo sankalola zimenezo. Anaimbira anthu osankhidwa khungu. Gram Parsons, amene anali atangolowa m'gululo miyezi yochepa, anakana kukwera nawo ali ku London, ponena kuti sangaimbire tsankho, ngakhale Hillman sanakhulupirire chifukwacho ndipo ankati mnyamatayo ankangofuna kutsala ndi Keith Richards ndi anzake a The Rolling Stones. Kaya mtima wake unali pati, phazi lake linaima pamalo oyenera. Otsalawo anatenga wonyamula katundu wawo, Carlos Bernal, kuti agwire gitala m'malo mwake. Atafika analankhula zodzudzula tsankho, azungu a kumeneko n'kuwada mpaka kuwaopseza kuti awapha, ndipo atabwerera manyuzipepala a ku America ndi ku Britain anawadzudzula chifukwa chopitako. M'mwezi womwewo, nyimbo ya Masekela "Grazing in the Grass" inali pa nambala 1 ku America. Masekela, mwini dziko, akulamulira mawailesi a ku America koma sangaponde ku Johannesburg, anzake amene anabwereka lipenga lake ali m'maholo amene iye sakanaloledwa kukhala pampando wa kutsogolo. Anadikira mpaka 1990 kuti abwerere.

Apa ndiye mnzanga uja akanandigwira pakhosi, akanadziwa nkhaniyi. Kubwereka nyimbo kuli ndi ngongole ziwiri. Yoyamba ndi ya luso: uichitire kanthu, usangoibwereza. Imeneyo The Byrds anailipira mpaka kupitirira. Yachiwiri ndi ya mawu amene watenga pakamwa pa mnzako. Ukaimba za ogwira mumgodi a ku Wales, ukaimba za nthawi ya mtendere ndi mawu a Seeger, munthu amene anazunzika ndi boma lake chifukwa chokana kugonja pamaso pa komiti ya aphungu yosaka achikomyunizimu, ndiye kuti wavala chovala chimene chili ndi kulemera kwake. Ife a kuno, amene agogo ndi amalume athu anatsikira m'migodi ya ku Joni pansi pa malamulo omwewo, tili ndi ufulu wofunsa kuti anyamata oimba za mabelu a ku Rhymney analephera bwanji kumva mabelu a ku Soweto asanagule tikiti. Sindikuwatcha atsankho, zimene ananena ali komweko zikusonyeza kuti sanali otero. Ndikuti anachita chibwana pa chinthu chosafunika chibwana, ndipo kukoma kwa nyimbo zawo sikufufuta zimenezo.

Koma taonani kuti chimene chinalephera pamenepo ndi anthu, osati njira yawo yoimbira. Chaka chomwecho cha 1968 anabwerekanso kwina, ndipo kumeneku kunafuna kulimba mtima. Parsons ndi Hillman anakokera gululo ku Nashville kukajambula nyimbo za country. Kwa ife amene tinakula tikumva Jim Reeves ndi Don Williams pawailesi, country ndi nyimbo zaulemu za madzulo. Ku America ya 1968 zinali zina: achinyamata otsutsa nkhondo ankaiona ngati nyimbo ya adani awo, ndipo eni country ankaona atsitsi lalitali ngati onyoza dziko. The Byrds anameta tsitsi pang'ono n'kukaima pa Grand Ole Opry, nsanja yotchuka ya nyimbo za country ku Nashville, mu March, anthu n'kumawakuwiza. Chimbale cha Sweetheart of the Rodeo chinatuluka mu August ndipo chinangofika pa nambala 77, kutsika koopsa kwa gulu limene linali pamwamba zaka zitatu zapitazo. Mmenemo muli nyimbo ziwiri za Dylan, ya Woody Guthrie, ya Merle Haggard, ndi "The Christian Life" ya abale a Louvin, pambali pa "Hickory Wind" ya Parsons, nyimbo ya munthu wopukwa kwawo imene ndimaimvera ndikakhala kutali ndi kumudzi. Wokopera amathamangira kumene kuli ndalama. Awa anathamangira kumene mbali zonse ziwiri zinkawanyoza, ndipo njira imene analambula ndi imene The Eagles anadzayendamo n'kulemera nayo.

Zaka zotsatira sindichedwapo. Hillman anachoka n'kukayamba The Flying Burrito Brothers ndi Parsons yemwe uja. McGuinn anatsala yekha mwa oyamba, koma anapeza Clarence White, woliza gitala amene pamodzi ndi woimba ng'oma Gene Parsons, wosiyana ndi Gram uja, anapanga kachipangizo kokoka nsambo imodzi ukakankha gitala ndi phewa, kuti ilire ngati ikudandaula. Ambiri amene anawaona amati pansanja gulu la nthawi imeneyo ndilo linali lamphamvu kuposa loyamba. Nyimbo zawo zinamveka m'kanema wa Easy Rider mu 1969. Mu 1973 zonse zinatha: asanu oyamba anakumananso n'kujambula chimbale chimodzi chosakhutiritsa, White anamwalira atagundidwa ndi dalaivala woledzera mu July akulongedza zida m'galimoto, ndipo Gram Parsons anamwalira mu September ali ndi zaka 26. Michael Clarke anatsatira mu 1993, Crosby mu January 2023.

Anthu akamandifunsa chifukwa chimene ndimatetezera gulu la azungu a ku California limene linatha zaka zoposa 50 zapitazo, ndimati n'chifukwa cha maganizo amene afala masiku ano akuti woimba weniweni ndi yekhayo amene amalemba zonse yekha, ndipo wotenga nyimbo yakale ndi waulesi. Maganizo amenewo akanakhalapo kale, bwenzi palibe nyimbo ya makolo imene inafika kwa ife, kuno kapena ku America. McGuinn mwini wake sanasiye kukhulupirira zimenezi. Mu 1995, intaneti ikadali yachilendo kwa ambiri, anaona kuti oimba a folk atsopano akungoimba zolemba okha ndipo zakale zikuiwalika. Anatsegula tsamba lotchedwa Folk Den, ndipo kwa zaka zoposa 25 wakhala akujambula nyimbo imodzi yakale mwezi uliwonse, za amalinyero, za abusa a ng'ombe, za akapolo, za m'tchalitchi, n'kuiyika pamenepo mwaulere pamodzi ndi mawu ake, makiyi ake ndi mbiri ya kumene inachokera, kuti aliyense wokhala ndi gitala aitenge.